Mwapeza khobidi lolakwika pachenji: ndi chuma kapena ndi K10 basi?

Mwalowa m'sitolo ina yaikulu m'tauni ya Mzuzu, mwagula sopo, shuga ndi buledi, ndipo wapatilu wakuikirani timakobidi titatu pamwamba pa lisiti. Masiku ano anthu ambiri timakobidi totere amangotisiya pomwepo, poti ngakhale wakabaza wopita ku Chibavi kapena mayi wogulitsa nthochi ku Zigwagwa sangatiyang'ane kawiri. Inu mwatenga. Pofika kunyumba mwakhuthula m'thumba, ndipo diso lagwa pa K10 imodzi yomwe siikufanana ndi zinzake. Njovu zija zakhalira mbali imodzi, malemba ena sakuoneka, mwinanso m'mphepete muli ngati munalumidwa.

Mwaijambula n'kuponya chithunzi pagulu la WhatsApp. Ola lisanathe wina wayankha kuti azungu amagula zoterezi mamiliyoni. Wina akuti ali ndi nambala ya bwana wina amene amabwera kuchokera ku Dar es Salaam. Wachitatu akuti muiviike kaye m'madzi a batire kuti golide wobisika aonekere.

Madzi a batirewo asiyeni m'batire momwemo, tiwakamba kutsogoloku. Zoti kunja kuno kuli anthu ogula ndalama zachitsulo zomwe zinalakwika posula n'zoona, ndipo zina zagulidwapo pamtengo woti munthu n'kumangira nyumba zingapo. Koma mwa makobidi odabwitsa omwe anthu amatola, ochuluka zedi sanalakwike kufakitale ayi. Anavulala m'manja mwa anthu, pamsewu kapena m'dothi. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito yoti mukhoza kuiyamba nokha patebulo panu, mutakhala ndi maginito, foni ndi makobidi ena oyerekezera.

Mmene khobidi limapangidwira

Makina osulira ndalama amalakwitsa m'njira zakezake zodziwika. Mukadziwa mmene amagwirira ntchito, mudziwanso chilema chomwe sangathe kupanga, ndipo chilema chotero ndiye kuti chinadza khobidilo litachoka kale kufakitale.

Kuno ku Malawi kulibe fakitale yosula ndalama. Banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi imaitanitsa kunja. Makobidi oyamba a dziko lino, a 1964 aja okhala ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda, anasulidwa ku Royal Mint ya ku Britain, ndipo anasema nkhopeyo ndi mmisiri wobadwira ku Hungary, Paul Vincze.

Ntchito imayamba ndi chitsulo chopyapyala, chachitali ngati lamba. Makina amaboola lambayo n'kutulutsa tizitsulo tozungulira, monga momwe mayi amadulira masikono ndi kapu pa ufa wokanda. Tizitsuloti amatitenthetsa kuti tifewe, amatitsuka, kenako makina ena amatifinya m'mbali kuti mkombero utukuke pang'ono. Mkomberowu ndi umene umateteza chithunzi kuti chisafufutike msanga.

Zikatero kachitsulo kosalala kaja kamagwera pakati pa zidindo ziwiri zolimba kwambiri, china pansi china pamwamba, ndipo m'mbali mwake mumakhala mphete yokagwira. Chidindo chimagunda ndi mphamvu ya matani makumimakumi. M'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, chitsulocho chimayenda ngati nsima yolimba yofinyidwa m'manja, n'kudzaza maenje onse a chithunzi mbali ziwiri nthawi imodzi. Mphete ija imachiletsa kufalikira kunja, ndipo ngati khobidilo lili la timizere m'mphepete, timizereto timachokera pa mphete yomweyo. Makina amakono amadinda makobidi mazanamazana pa miniti imodzi. Pa liwiro lotere zina zimalakwika ndithu. Zambiri zimakodwa pa masefa ndi m'maso mwa oyendera, koma zowerengeka zimapulumuka n'kulowa m'matumba opita kubanki.

Gwirani mfundo iyi, poti tiigwiritsa ntchito kangapo: podinda, chitsulo sichionjezereka ndipo sichichepa. Chimangosuntha.

Zilema zenizeni za kufakitale

Tiyambe ndi njovu zanu zokhalira mbali imodzi zija. Kachitsulo kakapanda kugwera bwino pakati, chidindo chimagunda chakumbali. Chithunzi chimasuntha, ndipo mbali inayo kumatsala chigawo chosalala chooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Zikachitikadi choncho, kutsogolo ndi kumbuyo komwe kumasuntha, ndipo khobidilo silikhala lozungulira bwinobwino chifukwa mphete sinaligwire. Otolera makobidi amakonda lomwe lasuntha kwambiri koma chaka chake chikuwerengekabe. Loti mkombero wangokula pang'ono mbali imodzi ndi lofala, ndipo palibe amene angakupatseni kanthu.

Lolumidwa nalo lili ndi chiyambi chake. Lamba uja akapanda kusuntha mokwanira, makina amaboola pamalo pokhudzana ndi bowo lakale, ndiye kachitsulo kamatuluka kali kopereweza. Polumidwapo pamakhala pokhota mofanana ndi kukhota kwa khobidi lomwelo. Pali chizindikiro china chomwe akamberembere ambiri sachidziwa: yang'anani mkombero wa mbali yoyang'anizana ndi polumidwapo. Pa khobidi lolumidwa kufakitale, kawirikawiri mkombero pamenepo umakhala wofooka kapena wophwatalala, chifukwa makina ofinya m'mbali aja analibe pokankhira. Malemba oyandikira pachilemapo nawonso amazilala pang'onopang'ono. Lodulidwa ndi pulayala kapena sowo limakhala lakuthwa, malemba ake amadukira panjira ali athunthu, ndipo mbali inayo mkombero uli bwinobwino.

Chidindo nacho chimakalamba. Chikang'ambika, chitsulo chimalowa mumng'alumo, ndipo pakhobidi pamatuluka mzere wotukuka ngati mtsempha wa padzanja. Pitsanipo chikhadabo. Mzere wotukuka ndi wa chidindo, mzere wolowa m'kati ndi kukalika chabe. Nthawi zina girizi wa makina amadzaza chilembo pachidindo, ndipo chilembocho sichituluka. Pamalopo pamakhala posalala, popanda zokala, ndipo kulemera kwa khobidi sikusintha. Zilema ziwirizi ndi zenizeni, koma n'zofala kwambiri moti ngakhale ku America, komwe otolera ali ambirimbiri, zambiri zimagulidwa dola imodzi kapena madola owerengeka.

Zomwe zimadula ndi zina. Mu 1955, fakitale ya ku Philadelphia inagwiritsa ntchito chidindo cha senti imodzi chomwe pochipanga chinadindidwa kawiri mosemphana pang'ono. Chaka ndi malemba zinatuluka ziwiriziwiri, zooneka ndi maso popanda galasi. Makobidi pakati pa 20 000 ndi 24 000 analowa m'manja mwa anthu, ndipo lero ngakhale loyendayenda limadutsa madola 1 000. Koma chenjerani, pali kubwereza kwina kopanda phindu, komwe kumachitika chidindo chikagwedera pogunda. Kumeneko chilembo chachiwiri chimakhala chophwatalala ngati sitepe. Pa chenicheni chija zilembo zonse ziwiri zimakhala zotukuka, zoumbika bwino.

China chodula ndi khobidi lomwe kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake sikunayenere kukumana. Otolera amalitcha mule, dzina la nyama yobadwa kwa bulu ndi hatchi. Mu 2008 dziko la Britain linasintha maonekedwe a makobidi ake, ndipo chaka chomwe pa 20 pence chinkalembedwa kumbuyo anachisamutsira kutsogolo. Kufakitale wina anaphatikiza chidindo chakale chakutsogolo ndi chatsopano chakumbuyo, zonse zopanda chaka. Makobidi osapitirira 250 000 anatuluka opanda chaka n'komwe.

Nkhani yotikhudza kwambiri ife ndi ya 1967. Chaka chimenecho Royal Mint inkasulira ndalama maiko angapo nthawi imodzi, ndipo 2 cents ina ya New Zealand inatuluka ili ndi kutsogolo kwa 5 cents ya ku Bahamas. Poti makobidi athu nawonso amasulidwa m'mafakitale otumikira maiko ambiri, si zosatheka kuti chidindo cha Malawi chigunde kachitsulo ka dziko lina. Khobidi lotero lingaoneke lachilendo mtundu, lingachepe kapena kukula, ndipo sikelo ingaliulule. Mwa zonse zomwe mungatole ku Mzuzu kuno, ili ndi lomwe lingakhale loyenera kulitayira nthawi.

Kachipewa ka pa W

Pali zinthu zina zomwe anthu amaziyesa zolakwika pomwe boma linachita kusintha dala. Ngati m'chitini cha agogo ku Ekwendeni kapena ku Mchengautuwa muli matambala akale, ayalani pamphasa muwerenge dzina la dziko. Makobidi a 1971, chaka chomwe kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi, sheleni ndi peni, analembedwa MALAWI. Ena a zaka zapambuyo pake analembedwa MALAŴI, ndi kachipewa pamwamba pa W. Kwa inu a kuno kumpoto, amene mumalemba ŵanthu ndi ŵana tsiku ndi tsiku, chilembochi si chachilendo. Koma munthu wongochiona koyamba akhoza kuganiza kuti chidindo chinang'ambika, kapena kuti lopanda kachipewalo ndiye lolakwika. Onse awiri ndi abwinobwino, ndipo m'mabuku a otolera analembedwa ngati mitundu iwiri ya khobidi limodzi.

N'chimodzimodzi ndi maginito. 1 tambala wa tambala uja ndi 2 tambala wa kambalame ka mchira wautali poyamba ankapangidwa ndi mkuwa wosakaniza, womwe sugwira maginito. M'zaka za m'ma 1980 anayamba kuwapanga ndi chitsulo chongokutidwa ndi mkuwa, ndipo amenewo amamatirira. Mukapeza awiri ofanana nkhope, wina akugwira wina ayi, yang'anani zaka musanaimbire aliyense foni. Pa matambala a 1995 napo, ena ali ndi nkhope ya Bakili Muluzi pomwe ena ali ndi chizindikiro cha boma. Peni ya bowo pakati ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ya njovu ziwiri ija, inapangidwa ndi bowo lakelo. Ndipo mumzinda wokhala ndi msika wa Taifa, momwe katundu ndi anthu amadutsa pa Songwe tsiku lililonse, khobidi lachilendo pachenji nthawi zina limangokhala shilingi ya ku Tanzania.

Zovulala panjira

Apa ndi pomwe pamathera maloto ambiri. Taganizirani moyo wa khobidi la ku Malawi. Limakalira mayunitsi, limatsekulira zitini za penti, limamasulira sikuluwu, limalowa m'tebulo la pulu, ana amalisinja ndi mwala. Likagwa pamsewu wa M1, malole opita ku Karonga amaliponda tsiku lonse pamiyala ya phula. Likagwa m'dothi, mvula ndi chinyontho cha Mzuzu zimamaliza ntchito. Makobidi ambiri amakono ndi chitsulo chokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka mkuwa kapena nikelo. Kachikopako kakangoboka, dzimbiri limalowa pansi n'kutukula matuza. Lopsa m'dzala nalo limachita matuza ndi kusintha mtundu. Zonsezi zimaoneka zodabwitsa, koma makina osulira sapanga dzimbiri.

K5 ndi K10 zolemera zija za 2006, za zitsulo ziwiri, china pakati china kunja, zili ndi nkhani yakeyake. Kapakatiko munthu akhoza kukagulula ndi hamala, n'kukatembenuza, n'kukabwezeramo. Mukapeza yoti chithunzi chapakati sichikulumikizana ndi chakunja, yang'anani pamalire a zitsulo ziwirizo. Mupeza zipsera za pomwe panamenyedwa.

Palinso zopangidwa dala. Munthu akapanikiza makobidi awiri pa vayisi, limodzi limasiya chithunzi chake pa linzake. Muzindikira chifukwa malembawo amakhala olowa m'kati, otembenuka ngati pagalasi, ali pamwamba pa chithunzi chomwe chinalipo kale, ndipo mbali inayo imakhala yophwanyika. Khobidi la nkhope mbali zonse ziwiri pafupifupi nthawi zonse limakhala makobidi awiri opalidwa n'kumatidwa. Fufuzani msoko m'mphepete kapena m'kati mwa mkombero, ndipo mukaligwetsa patebulo silirira ngati anzake. Loviikidwa mu asidi limapyapyala mofanana paliponse, limachepa, malemba ake amaoneka ngati asungunuka, ndipo limapepuka.

Kuyeza kwake

Choyamba, musalitsuke. Osalikwecha ndi phulusa, mchenga, mandimu, mankhwala otsukira mano kapena waya wotsukira mapoto. Kwa otolera, khobidi lotsukidwa ndi lowonongeka, ndipo mtengo wake umagwa kwambiri. Timizere tomwe kukwechako kumasiya sitichokanso. Ligwireni m'mphepete, osati pankhope.

Kenako sonkhanitsani makobidi ena asanu kapena khumi a mtengo womwewo ndi chaka chomwecho. Awa ndiwo mboni zanu. Aikeni pamzere pafupi ndi windo masana, poti kuwala kochokera kumbali kumaonetsa bwino chotukuka ndi cholowa. Kamera ya foni mukaikulitsa imagwira ntchito ya galasi lokulitsira zinthu.

Sanjikizani lanulo pamwamba pa linzake muone ngati kukula ndi kuchindikala zikufanana. Yesani maginito pa onse. Yochotsa m'sipika yakufa ndi yokwanira. Gwirani lililonse nkhope ili chilili, mulitembenuze ngati tsamba la buku, muone komwe chithunzi chakumbuyo chaloza. Pa makobidi a ku Britain chimakhala chilili, pa a ku America chimakhala chadodolido, ndipo zonsezi n'zadala. Chofunika n'choti lanulo lisiyane ndi anzake a chaka chomwecho. Likapendekeka lokha, ndiye kuti chidindo chinazungulira, ndipo chimenecho ndi chilema chenicheni, ngakhale chimayamba kukopa ogula pokhapokha kupendekekako kukakhala kwakukulu.

Mboni yaikulu ndi sikelo. Ya kumsika yoyezera nyemba singathandize. Pamafunika ija yaing'ono ya batire yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, yomwe amakhala nayo osula ndolo ndi mphete, ogula miyala yamtengo wapatali, kapena m'malabu a sayansi m'masukulu a sekondale ndi ku Mzuzu University ku Luwinga. Yezani mboni zija kaye, mupeza kuti zikusiyana pang'ono zedi. Kenako yezani lanulo. Losunthira kumbali, lopanda chilembo kapena la mng'alu liyenera kulemera ngati anzake, paja tati chitsulo chimangosuntha. Likapepuka pomwe silinalumidwe, kawirikawiri ndiye kuti lapalidwa kapena ladyedwa ndi asidi. Likasiyana kwambiri kulemera, mtundu ndi kagwiridwe ka maginito, chonsecho chithunzi chili chakuthwa bwino, pamenepo mpomwe mungayambe kuganiza za kachitsulo ka dziko lina kaja.

Kuti muone mphamvu ya mayeso awiriwa, tengani nkhani ya senti ya ku America ya 1943. Chaka chimenecho, mkuwa ukufunika kunkhondo, masenti oposa biliyoni imodzi anapangidwa ndi chitsulo. Tizitsulo tamkuwa towerengeka totsalira m'makina tinadindidwa mwangozi, ndipo limodzi mwa makobidi amenewo, losulidwa ku Denver, linagulidwa madola 1.7 miliyoni mu 2010. Akathyali akhala akukuta masenti achitsulo ndi mkuwa, ena kupala 8 wa 1948 kuti aoneke ngati 3. Koma lachitsulo limalemera magalamu 2.7 ndipo limagwira maginito, pomwe lamkuwa limalemera magalamu 3.11 ndipo siligwira. Bodza la madola miliyoni limagwidwa ndi maginito ya m'wailesi.

Nanga mtengo?

Tinene kuti khobidi lanu lapambana mayeso onsewa. Kubanki, kuphatikizapo nthambi ya Reserve Bank ya ku Mzuzu, K10 ndi K10. Banki siika mtengo pa chilema. Ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi kubanki imadutsa K1 700, kutanthauza kuti K10 yanuyo siikwana ngakhale senti imodzi ya ku America. Chilichonse choposa apo chichokera kwa wotolera amene walifuna.

Kusowa kwa chinthu pakokha sikupanga mtengo. Pamafunika anthu awiri kapena kuposa olimbirana chinthucho. Senti ya 1955 ija ilipo masauzande, koma oifuna ndi ochuluka kuposa pamenepo. Khobidi lolakwika la ku Malawi likhoza kukhala limodzi lokha padziko lonse, koma otolera ndalama za Malawi ndi ochepa, ndipo mwa ochepawo, okonda zolakwika ndi ochepanso. Kunena mosapsatira, chilema chaching'ono pa K1, K5 kapena K10 za 2012 kudza kuno sichingakugulireni ngakhale thumba la makala. Chachikulu, chooneka ndi maso munthu ali chapatali, pa khobidi losayendayenda, ndicho chingapeze wochifuna. Ngakhale pamenepo, ganizirani za madola, osati mamiliyoni.

Kukongola kwa khobidi kumawerengedwanso. Akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso woyambira 1 kufika 70, womwe anauyambitsa ndi William Sheldon mu 1949. Khobidi lomwelo likhoza kusiyana mtengo kangapo pakati pa lofufutika ndi longotuluka kumene m'thumba la banki. Makampani monga PCGS ndi NGC amayeza khobidi, kutsimikiza kuti chilemacho n'chenicheni, n'kulitsekera m'kapulasitiki. Koma amalipiritsa madola makumi angapo pa khobidi limodzi, osawerengera zotumizira kupita ndi kubwera. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera m'dziko muno, kutumiza khobidi la madola asanu n'kutaya mbuzi pofuna nkhuku.

Njira yosalira ndalama zambiri ndi bandulo ya intaneti. Pa Numista pali mndandanda wa makobidi a Malawi, zithunzi zake, kulemera, kukula ndi chitsulo chake. Muyerekeze ndi zomwe mwayeza. Pa eBay, kapena pa Bob Shop ya ku South Africa, musayang'ane mtengo womwe wogulitsa akuitanira. Aliyense akhoza kulemba kuti nkhuku yake ndi K5 miliyoni. Fufuzani zomwe zinagulidwadi, ndipo zikhale za dziko lomwelo, chilema chofanana ndi kukongola kofanana. 20 pence yopanda chaka ija nkhani yake itangotchuka mu 2009, anthu anaikweza mpaka mapaundi masauzande pa eBay. Fumbi litakhazikika inatsikira cha m'ma £50.

Achibale athu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay amene ali ku Joni akudziwa nkhani ya R5 ya nkhope ya Nelson Mandela ya 2008, yokumbukira kuti wakwanitsa zaka 90. Ambiri anaisunga poganiza kuti idzawalemeretsa. Koma anasula pafupifupi 22 miliyoni, ndipo banki yaikulu ya dzikolo yakhala ikubwereza kunena kuti yopezeka pachenji ndi R5 basi.

Ngati mukufunadi kanthu kogwirika m'chitini cha agogo, siyani kaye zolakwika, muwerenge zaka. Ndalama zoyera za Britain ndi za Southern Rhodesia za 1946 kubwerera m'mbuyo, matiki, masheleni ndi zinzake zomwe zinkayenda kuno nthawi ya Nyasaland, zambiri zili ndi siliva weniweni. Si chuma chosinthira moyo, koma zili ndi mtengo woyezeka pasikelo.

Golide, asidi ndi thanzi lanu

M'makobidi a dzina la Malawi omwe anayendapo pachenji mulibe golide. K1 ndi 50 tambala zachikasu zija ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo zina ndi chitsulo chongokutidwa. Palibe boma lomwe lingaike golide wa masauzande m'khobidi logulira machesi. Ndalama zagolide za dzina la Malawi zilipo, monga K250 ya 1978 yokhala ndi chithunzi cha nyala, koma zinapangidwira otolera ndipo sizinalowepo m'thumba la wogulitsa tomato.

Choncho kuviika khobidi m'madzi a batire sikuulula kanthu. Madzi amenewo ndi asidi wa salifyuriki, amene amawotcha khungu ndipo akadonthera m'diso akhoza kuchititsa khungu losaonanso. Asidi wina amene oyesa golide amagwiritsa ntchito, akakumana ndi mkuwa amatulutsa utsi wofiirira womwe umavulaza mapapo, nthawi zina zizindikiro zake n'kudzaoneka patapita maola. Choopsa kuposa zonse ndi mekyule, yemwe ena amapaka pakhobidi kuti linyezimire kapena kumutenthetsa pambaula. Nthunzi yake ilibe fungo, koma imawononga ubongo ndi impso, ndipo kwa mayi woyembekezera imafika kwa mwana. Asidi akakudontherani, thirani madzi oyera ambiri pamalopo kwa maminiti osachepera 20, vulani chovala chomwe chanyowa, kenako thamangirani kuchipatala, kaya ku Mapale kaya ku Mzuzu Central. Dziwaninso kuti kudula, kusungunula kapena kuwononga dala ndalama ndi mlandu m'malamulo a dziko lino.

Pomwe mwayala makobidi ndi maginito patebulo, ana aang'ono akhale patali. Khobidi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe ana amameza kawirikawiri. Mwana akayamba kutuluka dovu, kukana chakudya, kusanza kapena kubanika, musamukakamize kusanza kapena kumudyetsa nsima kuti litsike. Pitani naye kuchipatala. Ngati wameza timaginito kapena kabatire kozungulira ka m'wotchi, komwe kamafanana ndi khobidi, musadikire n'komwe zizindikiro.

Ogula a pafoni

Mphekesera za chuma chobisika m'zinthu zakale si za kuno kokha. Mu 2009 ku Saudi Arabia kunabuka mphekesera yoti m'makina akale osokera a Singer muli mankhwala otchedwa red mercury, ndipo anthu analimbirana makinawo pamitengo ya madola masauzande ambiri. Mankhwala a mphamvu zomwe ankanenazo kulibe.

Akamberembere a makobidi amayenda njira yofanana. Amakutchulirani mtengo waukulu asanaone n'komwe khobidilo, kenako amati mutumize kaye pafoni ndalama yolembetsera, yoyezera kapena ya mayendedwe a bwana. Ena amayenda awiri. Woyamba amati agula pokhapokha makobidiwo akhale awiri ofanana, ndipo mawa lake wachiwiri amatulukira ali ndi linzakelo, akugulitsa motchipa. Mukangogula, mafoni onse awiri amazima. Enanso amakuuzani kuti khobidi lenileni limakoka mpunga, limazimitsa tochi kapena limaimitsa singano. Wotolera weniweni safunsa za mpunga. Amafunsa chaka, kulemera, kukula ndi zithunzi zooneka bwino, ndipo ndalama zimachoka kwa iye kubwera kwa inu.

Ndiye ngati K10 yanu ija yalemera ngati anzake, yasuntha mbali zonse ziwiri, ndipo chigawo chosalalacho chilibe zokala, ijambuleni kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete, pafupi ndi khobidi labwinobwino ndi lula. Lembani pakapepala kulemera kwake, tsiku ndi malo omwe munaipeza. Zithunzizo zionetseni kwa otolera angapo osadziwana, monga pa Numista pomwepo, ndipo musachite manyazi wina akati n'lopondedwa ndi lole. Khobidilo liikeni lokha m'kaenvelopu ka pepala louma, osati m'jumbo yofewa kapena m'chitini momwe likhulana ndi anzake, ndipo mulisunge pamalo pomwe chinyontho cha mwezi wa June sichifika.